Zilembo za Chiheberi, mapulaneti ndi mitundu: matchati atatu akutsutsana, cholondola n'chiti?

Nambewe, Highfield

Moni nonse akuluakulu. Ndikufuna kujambula tchati chachikulu cha zilembo 22 za Chiheberi, chilembo chilichonse chikhale ndi pulaneti lake ndi mtundu wake monga a Kabbalah, chiphunzitso cha Chiyuda cha zinsinsi za Mulungu, amaphunzitsira. N'choti tizipachika pakhoma pa kagulu kathu kowerenga kuno ku Highfield. Vuto n'lakuti matchati atatu amene ndili nawo sakumvana. China chikuti Bet ndi Saturn, china chikuti Bet ndi Mwezi, chachitatu chikuti Bet ndi Mercury ndipo chapaka chikasu. Pa Tav ndiye zafika posokoneza mutu: apa Mwezi, apo Jupiter, kwina Saturn. Cholondola n'chiti? Nanga mitunduyi inachokera m'buku liti? Sindikufuna kuwononga penti ndi pepala pa chinthu choti mawa wina adzanena kuti n'chosakaniza. Ndithandizeni.

Bambo Phiri, Mufakose

Mayi Nambewe, pa matchati anu atatuwo palibe chimene chalakwitsa. Chilichonse chakopera ku gwero lake, kungoti ojambulawo sanalembe gwerolo pansi. Ndiyambire patsinde.

Tsinde lake ndi kabuku kotchedwa Sefer Yetzirah, kutanthauza Buku la Kuumba. N'kakang'ono: kope lalifupi lili ndi mawu pafupifupi 1,300, lalitali pafupifupi 2,500. Kamagawa zilembo 22 patatu. Zitatu kamazitcha amayi: Alef ndi mpweya, Mem ndi madzi, Shin ndi moto. Kabukuko kamanena kuti Mem imamveka chamumtima, Shin imalira mokhala ngati ikusisita, ndipo Alef imakhala pakati kuzigwirizanitsa. Zilembo 12 ndi zotchulidwa njira imodzi, ndipo izi zimapita ku miyezi 12 ndi magulu 12 a nyenyezi. Zotsala 7, zimene mukufunsazo, ndi zapawiri: Bet, Gimel, Dalet, Kaf, Pe, Resh, Tav. Zimatchedwa choncho chifukwa zimatchulidwa molimba zikakhala ndi kadontho mkati, mofewa zikakhala zopanda kadontho. Bet ya kadontho ndi b, yopanda ndi v. Pe ya kadontho ndi p, yopanda ndi f. Mabuku a galamala amawerenga 6 zokha. Resh anaiwonjezera ndi Sefer Yetzirah, ndipo m'Baibulo la Chiheberi Resh ya kadontho imapezeka malo ochepa kwambiri.

Tsono kabukuka kanatifika m'makope osiyana, ndipo apa ndi pamene pagona nkhani yanu.

Kope lalitali, pamodzi ndi limene rabi wotchuka Saadia Gaon analemba ndemanga yake m'chaka cha 931, limayamba ndi Saturn: Bet ndi Saturn, Gimel ndi Jupiter, Dalet ndi Mars, Kaf ndi Dzuwa, Pe ndi Venus, Resh ndi Mercury, Tav ndi Mwezi. Mndandanda umenewu si wongoyala. Ukutsata liwiro la chinthu chilichonse kumwamba, kuyambira choyenda pang'onopang'ono. Saturn amatenga zaka 29 ndi theka kuti azungulire, Jupiter zaka pafupifupi 12, Mars masiku 687, Dzuwa chaka chimodzi, Venus masiku 225, Mercury masiku 88, Mwezi masiku 27 ndi pang'ono. M'Chiheberi mayina ake ndi Shabbetai, Tzedek, Maadim, Chamah, Nogah, Kochav, Levanah. Maadim achokera ku mawu oti kufiira, Levanah ku mawu oti kuyera, ndipo Nogah ndi kuwala, yemweyo amene ife timati Nthanda akatuluka m'bandakucha. Dzuwa ndi Mwezi akale ankaziwerengera m'gulu lomwelo chifukwa nazo zimayenda pakati pa nyenyezi zosasuntha.

Kope lachiwiri ndi la Gra, ndiye kuti Gaon wa ku Vilna, rabi wotchuka amene anakhala ndi moyo kuyambira 1720 mpaka 1797. Ili linakonzedwa kuti ligwirizane ndi chiphunzitso cha Isaac Luria, mphunzitsi wa Kabbalah wa ku Safed m'Galileya. Mmenemo Bet ndi Mwezi, Gimel ndi Mars, Dalet ndi Dzuwa, Kaf ndi Venus, Pe ndi Mercury, Resh ndi Saturn, Tav ndi Jupiter. Lafala kwambiri pa intaneti chifukwa ndi limene Aryeh Kaplan anaika patsogolo m'buku lake la Chingerezi lotuluka mu 1990. Tchati chanu chachiwiri chachokera pamenepo.

Chachitatucho si cha Ayuda. N'cha gulu la Golden Dawn limene linayamba ku London mu 1888, ndi William Wynn Westcott, MacGregor Mathers ndi William Woodman. Iwo anati Bet ndi Mercury, Gimel ndi Mwezi, Dalet ndi Venus, Kaf ndi Jupiter, Pe ndi Mars, Resh ndi Dzuwa, Tav ndi Saturn. Chifukwa chake chimaoneka mukaika zilembo pambali pa makhadi 22 akuluakulu a Tarot, makhadi azithunzi amene ena amaombezera. Khadi la nambala 0 analipatsa Alef, choncho khadi la nambala 19, lokhala ndi chithunzi cha dzuwa, linagwera pa Resh, ndiye Resh n'kukhala Dzuwa. Pofuna kuti zonse zikwanirane anasinthanitsa ngakhale makhadi a nambala 8 ndi 11, kuti la mkango ligwere pa Tet ndi la sikelo pa Lamed.

Pa zilembo 12 zija mutha kupuma, makope onse amamvana za miyezi ndi nyenyezi: He ndi Nisan, mwana wa nkhosa, Vav ndi Iyar, ng'ombe, Zayin ndi Sivan, mapasa, Chet ndi Tammuz, nkhanu, Tet ndi Av, mkango, Yod ndi Elul, namwali, Lamed ndi Tishrei, sikelo, Nun ndi Cheshvan, chinkhanira, Samekh ndi Kislev, uta, Ayin ndi Tevet, mwana wa mbuzi, Tsadi ndi Shevat, ndowa, Qof ndi Adar, nsomba. Zimene zimasiyana pamenepo ndi ziwalo za thupi ndi zochita za munthu zimene kope lililonse limamangirira pa chilembo.

Maganizo anga: ngati kagulu kanu kakufuna zakale za Chiyuda, tengani mndandanda woyamba ndi Saturn, chifukwa ndi umene ofotokoza a m'zaka za m'ma 900 anali nawo m'manja. Koma chilichonse chimene mungasankhe, lembani dzina la gwero pamwamba pa danga.

Mayi Nangondo, Mabvuku

A Phiri afotokoza bwino za mapulaneti. Ine ndiyankhe za mitundu, chifukwa apa ndi pamene anthu amanamizidwa kwambiri. Sefer Yetzirah satchula mtundu ngakhale umodzi. Mukaona tchati cholembedwa kuti chatengedwa m'kabukuko koma chili ndi danga la mitundu, dziwani kuti dangalo lachokera kwina.

Mu Kabbalah ya Chiyuda mitundu imapita makamaka ku masefirot 10, amene ndi njira zimene Mulungu wosaonekayo amadzionetsera, osati ku zilembo 22. Zohar, buku lalikulu la Kabbalah, imene inatulukira ku Spain chakumapeto kwa zaka za m'ma 1200 kudzera mwa Moses de León, imaphunzitsa zimenezi ndi lawi la nyali. Magetsi akazima madzulo ano, yatsani kandulo muyang'anitsitse. Pansi, pogwirana ndi chingwe, pali kuwala kwabuluu kapena kwakuda. Pamwamba pake pakhala kuwala koyera kosasinthasintha. Zohar imati kwabuluuko ndi Malkhut, sefira yotsiriza, ndiponso He yomaliza ya m'dzina la Mulungu: kumanyeketsa zimene zili pansi pake, kwinaku kutanyamula kuwala koyerako ngati mpando. Utawaleza nawo Zohar imauwerengera mitundu itatu yokha, woyera, wofiira ndi wobiriwira. Sungani nambala imeneyi, ndibwererako.

Amene anasonkhanitsa nkhaniyi mwadongosolo ndi Moses Cordovero wa ku Safed, m'buku lake Pardes Rimonim limene anamaliza mu 1548. Chigawo chake cha 10 chimatchedwa Chipata cha Mitundu. Chesed, chifundo, ndi woyera ngati siliva. Gevurah, chiweruzo, ndi wofiira, ndipo golide amapita kumeneko. Tiferet amene amakhala pakati pa awiriwa amatenga zosakaniza za onse. Netzach ndi Hod ali ngati pinki, woyambayo wopendekera koyera, winayo wopendekera kofiira. Malkhut ndi tekhelet, buluu wa chingwe cha pa mphonje za chovala chotchulidwa pa Numeri 15:38. Cordovero amayamba ndi chenjezo lakuti masefirot enieniwo alibe mtundu, chifukwa si zinthu zathupi. Mtunduwo ndi fanizo la ntchito yake: kufiira kwa magazi ndi mkwiyo, kuyera kwa mtendere. Ndiye chifukwa chake mkulu wa ansembe ankavala zoyera pa Tsiku la Chitetezo, tsiku lopempha chifundo.

Malo amene zilembo ndi mitundu zimakumana kwenikweni m'mipukutu ya Chiyuda ndi pa pemphero. Katswiri wofufuza za Kabbalah Moshe Idel anaonetsa zolembedwa pamanja za gulu la David ben Yehudah he-Hasid, cha m'ma 1300, zophunzitsa kuti popemphera munthu aziona m'maganizo zilembo zinayi za dzina la Mulungu zili mu mtundu wa sefira imene akulunjikako. Onani kusiyana kwake: chilembo chomwecho chimasintha mtundu malinga ndi sefira. Palibe zoti Yod ndi yobiriwira nthawi zonse.

Tsono mitundu ya chilembo chimodzichimodzi imene muli nayo ndi ya Golden Dawn, ndipo inafala Aleister Crowley ataisindikiza m'buku la 777 mu 1909. Amayi atatu anawapatsa mitundu itatu imene wopaka penti amayambira: Alef chikasu, Mem buluu, Shin wofiira. Zapawiri 7 anazipatsa mitundu 7 ya utawaleza: Pe wofiira, Resh olenji, Bet chikasu, Dalet wobiriwira, Gimel buluu, Tav buluu woderapo, Kaf pepo. Utawaleza wa mitundu 7 ndi kawerengedwe ka Isaac Newton, amene buku lake la kuwala linatuluka mu 1704. Zohar inali ndi itatu. Pamenepo pokha mutha kudziwa msinkhu wa tchati chimenechi.

Msampha wina uli mkati mwa Golden Dawn momwemo. Ali ndi masikelo, kapena kuti mindandanda, anayi a mitundu, ndipo pa chithunzi chawo cha Mtengo wa Moyo amapaka masefirot ndi sikelo yachiwiri, koma njira 22 za zilembo ndi sikelo yoyamba. Popeza anaikanso mapulaneti pa masefirot, pulaneti limodzi limapezeka ndi mitundu iwiri. Mercury pa chilembo Bet ndi chikasu, pa sefira Hod ndi olenji. Dzuwa ndi mosemphana: pa Resh olenji, pa Tiferet chikasu. Mwezi pa Gimel ndi buluu, pa Yesod pepo, pomwe Jupiter pa Kaf ndi pepo, pa Chesed buluu. Saturn pa Tav ndi buluu woderapo, pa Binah wakuda. Mars ndi Venus okha ndi amene sasintha, wofiira ndi wobiriwira. Ndipo taonani Chesed: kwa Cordovero woyera, kwa a ku London buluu. Wokopera mwachangu amatenga mtundu wa sefira n'kuupaka pa chilembo, kenaka tchati n'kumayenda pa WhatsApp chili chopotoka.

Chomaliza n'cha chilankhulo chathu. Mawu oti kubiriwira akuluakulu ena amawanena pa tsamba ndi pa thambo pomwe. Chiheberi cha aphunzitsi achiyuda nacho chili ndi vuto longa lomweli: yarok ndi wobiriwira, koma nthawi zina ndi chikasu ngati cha dzira. Pa tchati musalembe dzina la mtundu lokha. Pakani kachidutswa pambali pake, kapena lembani chofanizira, monga wobiriwira ngati tsamba la mpiru, buluu ngati thambo la mwezi wa June.

Mwale, Mbare

Achemwali, ngati tchaticho chikhale ndi danga la masiku a sabata, samalani ndi zinthu ziwiri zimene zimatigwetsa ifeyo makamaka.

Choyamba n'chakuti ife timawerenga masiku kuyambira Lolemba, ndiye Lachiwiri ndi tsiku lachiwiri la ntchito. Anzathu achishona chimodzimodzi, Chipiri, Chitatu, China. Chiheberi chimayambira Lamulungu. Yom rishon, tsiku loyamba, ndi Lamulungu. Yom sheni, lachiwiri, ndi Lolemba. Yom shlishi, lachitatu, ndi Lachiwiri lathu. Mukamasulira nambala mwachindunji, danga lonse limatsetsereka ndi tsiku limodzi. Lembani dzina la Chichewa la tsikulo, osati nambala. Kumbukiraninso kuti tsiku la Chiheberi limayamba dzuwa likalowa, choncho madzulo a Lachisanu ndi Sabata kale.

Chachiwiri n'chakuti masiku a mu Sefer Yetzirah si ofanana ndi aja odziwika akuti Lamulungu ndi la Dzuwa, Lolemba la Mwezi, Lachiwiri la Mars, Lachitatu la Mercury, Lachinayi la Jupiter, Lachisanu la Venus, Loweruka la Saturn. M'kope lalitali, Bet ndi Saturn ndi Sabata ndi pakamwa, apo zagwirizana. Koma Gimel ndi Jupiter ndi Lamulungu, Dalet ndi Mars ndi Lolemba, mpaka Tav ndi Mwezi ndi Lachisanu. M'kope la Gra palibe tsiku ngakhale limodzi logwirizana ndi mndandanda wodziwikawo, Bet ndi Mwezi ndi Lamulungu, Tav ndi Jupiter ndi Sabata. Osakonza zimenezi poganiza kuti wolemba anaphonya. Ndi njira ziwiri zosiyana.

Mndandanda wodziwikawo umachokera ku maola. Mumatenga mapulaneti mu dongosolo la liwiro lija a Phiri atchula, ola lililonse pulaneti limodzi, mobwerezabwereza. Maola 24 mukawagawa ndi 7 pamatsala 3, choncho ola loyamba la mawa limagwera pa pulaneti lachitatu kutsogolo. Kuchoka pa Saturn: Jupiter, Mars, Dzuwa. Ndiye Loweruka likatha pamabwera tsiku la Dzuwa.

Kawerengedwe kake kuno ku Harare nkotere. Tengani nthawi yotuluka dzuwa ndi yolowa, muwerenge mphindi zonse, mugawe ndi 12. Chakumapeto kwa June dzuwa limatuluka cha m'ma 6:25 n'kulowa cha m'ma 17:31, mphindi 666, ndiye ola limodzi la masana ndi mphindi 55 ndi theka, la usiku 64 ndi theka. Chakumapeto kwa December masana amafika maola 13 ndi mphindi pafupifupi 12, ola n'kukhala mphindi 66. Tiyerekeze Lachisanu la mu June: Venus kuyambira 6:25 mpaka 7:20, Mercury mpaka 8:16, Mwezi mpaka 9:11, Saturn mpaka 10:07, kenaka Jupiter, Mars, Dzuwa, ndipo Venus amabweranso pa ola la 8, cha m'ma 12:53. Ola la 12 ndi la Jupiter, ndipo loyamba la usiku ndi la Mars. Apa mungadziyese ngati mwawerenga bwino, chifukwa pali mwambo wa Ayuda ena wopewa kudalitsa chikho cha vinyo cha Sabata pa ola limenelo la Mars, ngakhale iwo ambiri amaliwerenga ndi maola a mphindi 60 kuchokera pakati pa usana. Zolakwika zofala ndi kuyambira pakati pa usiku, kugwiritsa mphindi 60 pamodzi ndi nthawi yotuluka dzuwa, ndi pulogalamu ya pa foni imene yatsalira pa Jerusalem kapena London.

Za nyengo musasinthe kanthu. Nisan kwawoko ndi nthawi yophukira, kuno ndi March ndi April, chimanga chikucha. Tammuz ndi Av kwawo n'kotentha, kuno tili m'majuzi. Ena amafuna kutembenuza zilembo 12 zija ndi miyezi 6 kuti zigwirizane ndi kumwera kuno, koma chilembo chinamangidwa pa mwezi wa kalendala ya Chiheberi, ndipo Pasika kuno amachitikabe mu Nisan.

Ndinene ichinso chifukwa n'chofunika. Mu Talmud, buku la ziphunzitso za aphunzitsi achiyuda akale, pa Shabbat 156a, Rabbi Hanina amati pulaneti la ola lobadwira limaumba khalidwe, wobadwa pa Mars adzakhala wokhetsa magazi, ndipo Rav Ashi amawonjezera kuti kaya wopha nyama, kaya wochita mdulidwe. Koma pa tsamba lomwelo Rabbi Yohanan amati Israyeli salamulidwa ndi nyenyezi, ndipo amatchula Yeremiya 10:2. Sefer Yetzirah akufotokoza mmene Mlengi anaumbira zinthu ndi zilembo. Si buku loombezera, ndipo wokuuzani kuti mulipire kuti akupatseni chilembo chanu chamwayi sakuchokera m'mabuku amenewa.

Nambewe, Highfield

Zikomo kwambiri a Phiri, Mayi Nangondo ndi achimwene a Mwale. Ndaganiza zopanga mapepala awiri: loyamba la madanga atatu a mapulaneti, lililonse ndi gwero lake, lopanda mitundu, lachiwiri la mitundu ya Golden Dawn palokha. Lachiwirili ndilijambule bwanji kuti zilembo 22 zikwane bwino, ndipo penti ndigule wotani?

Banda, Dzivarasekwa

Mayi, lachiwirilo lijambuleni ngati duwa la mizere itatu yozungulira, monga eni akewo ankachitira: magawo 3 mkati, 7 pakati, 12 kunja. Pa pepala la A3, limene m'lifupi ndi masentimita 29.7, pezani pakati, ndipo ndi kampasi jambulani mizere yozungulira itatu, kampasi itatsegulidwa masentimita 4.5, kenaka 9, kenaka 14. Mkati gawani madigiri 120, kunja madigiri 30. Wovuta ndi wa 7, chifukwa 360 kugawa ndi 7 ndi 51.4, ndipo mukamayeza 51 kokha, gawo lomaliza limatsala lalikulu ndi madigiri atatu, diso limaona. Njira yabwino ndi iyi: tsegulani kampasi masentimita 7.8, muyende nayo pa mzere wa 9 uja kasanu ndi kawiri, mukuika timadontho ta pensulo. Mukapanda kubwerera pamene munayambira, sinthani kampasi pang'ono muyambirenso. Musagwire inki kufikira zitakumana.

Penti gulani wa akiriliki, koma osati mitundu itatu yokha. Wofiira wamba amapendekera ku olenji, ndiye mukamusakaniza ndi buluu mumapeza zofiirira ngati matope m'malo mwa pepo. Mufunika ofiira awiri, wina wowala ngati tomato, wina wopendekera ku pinki; abuluu awiri, wina wakuya wopendekera ku pepo, wina wopendekera ku wobiriwira; chikasu, woyera ndi wakuda pang'ono. Pepo amatuluka pa wofiira wa pinki ndi buluu wakuya. Wobiriwira amatuluka pa chikasu ndi buluu winayo. Nthawi zonse yambani ndi mtundu wowala n'kumadonthezamo woderapo: olenji yambani ndi magawo atatu a chikasu pa gawo limodzi la wofiira, wobiriwira magawo anayi a chikasu pa limodzi la buluu, kenaka muziwonjezera pang'onopang'ono. Mukayamba ndi buluu mudzatha botolo lonse la chikasu musanafike.

Simukusowa mitundu 22. Sakanizani 12 ya mzere wakunja basi: He wofiira, Vav pakati pa wofiira ndi olenji, Zayin olenji, Chet pakati pa olenji ndi chikasu, Tet chikasu chobiriwirako pang'ono, Yod wobiriwira wachikasu, Lamed wobiriwira, Nun pakati pa wobiriwira ndi buluu, Samekh buluu, Ayin buluu woderapo, Tsadi pepo, Qof wofiira wopendekera ku pepo. He muike pamwamba, zinazo zitsate chakumanzere monga Chiheberi chimawerengedwera. Mizere yamkati imabwereka pomwepo: Pe amatenga wa He, Resh wa Zayin, Dalet wa Lamed, Gimel wa Samekh, Tav wa Ayin, Kaf wa Tsadi, Bet chikasu chosasakaniza. Alef muonjezere woyera pang'ono, Mem mudetse, Shin mudonthezemo olenji. Sakanizani zokwanira kupaka kawiri ndipo muzisunge m'tizitini totseka, chifukwa akiriliki amauma msanga m'nyengo yotentha ya October, amaderapo akauma, ndipo simungabwereze mtundu womwewo ndendende tsiku lina. Yesani kaye pa kachidutswa ka pepala lomwelo. Manila wopyapyala amakwinyika ndi madzi, ndiye tengani pepala lolimba ndipo mulimate m'mbali pa thabwa.

A Golden Dawn ankakonda kuika mtundu pa mnzake wotsutsana naye, wobiriwira pa wofiira, buluu pa olenji, pepo pa chikasu, kuti diso liziona ngati zikuthwanima. Pa tchati chophunzirira zimenezi zimatopetsa maso ndipo wokhala kumbuyo sawerenga. Lembani zilembo ndi wakuda pa mitundu yowala, ndi woyera pa yoderapo.

Zilembo zofanana ndi zimene zimawononga ntchito yomalizidwa kale. Bet ili ndi kachidendene kotulukira kumbuyo pansi kudzanja lamanja, Kaf ndi yozungulira. Dalet ili ndi ngodya yakuthwa yotulukira pang'ono pamwamba, Resh ndi yopindika. Zinayi zonsezi zili mu mzere umodzi wa 7, ndiye kuphonya kamodzi mwasinthanitsa mapulaneti. He mwendo wake wamanzere sugunda denga, wa Chet umagunda, wa Tav uli ndi kaphazi. Yang'ananinso Vav ndi Zayin, Gimel ndi Nun, Ayin ndi Tsadi. Mukasankha kupanga pa kompyuta n'kukapulinta m'tauni, pemphani pepala limodzi loyesera, chifukwa olenji ndi pepo a pa sikirini amatuluka ozimirira pa makina, ndipo mapulogalamu ena amatembenuza mawu a Chiheberi kuti ayambire kumanzere.

Bambo Phiri, Mufakose

A Banda, pa miyeso sindingawonjezere. Ndingoti Mayi Nambewe asaike zilembo zisanu zakumapeto kwa mawu, za Kaf, Mem, Nun, Pe ndi Tsadi, ngati zilembo zapadera. Zimapangitsa kuti zioneke 27, koma Sefer Yetzirah amawerenga 22, ndipo masamu ake onse aima pamenepo, monga zipata 231 zimene zimatuluka mukaphatikiza chilembo chilichonse ndi chinzake, 22 kuchulukitsa ndi 21 kugawa ndi 2. Pofuna kutsimikiza dongosolo la zilembo tsegulani Masalmo 119: zigawo 22 za mavesi 8, ndipo Mabaibulo ambiri amalemba dzina la chilembo pamwamba pa chigawo.

Mudzaonanso matchati oika Uranus pa Alef, Neptune pa Mem ndi Pluto pa Shin. Limenelo ndi gwero lachinayi, la otsatira Paul Foster Case ku America. Uranus anapezeka mu 1781, Neptune mu 1846, Pluto mu 1930, ndipo mayina a Chiheberi a awiri oyambawo, Oron ndi Rahav, anasankhidwa mu 2009. Mukafuna kuwaika, apatseni danga lawolawo.

Ndisiyane pang'ono ndi Mayi Nambewe pa chinthu chimodzi: pepala loyambalo lisakhale lopandiratu mitundu ya Chiyuda, chifukwa owerenga angaganize kuti Ayuda analibe chonena. Pansi pake ikani kabokosi ka masefirot ndi mitundu ya Cordovero, ndi dzina la buku ndi chaka cha 1548. Koma dzina la Mulungu la zilembo zinayi musalilembe lonse pa pepala limene tsiku lina lidzang'ambika n'kutayidwa. Ayuda, kuphatikizapo a m'masunagoge a kuno ku Harare, zolembedwa zotere sazitaya kudzala, amazisunga padera kenaka n'kuzikwirira. Lembani He imodzi ndi kachizindikiro pambali pake, owerenga Chiheberi adzadziwa chimene mukutanthauza.